Gitala ikamalira yokha musanaigwire

Lachisanu lina madzulo, ndikutseka chitseko cha labu, mnyamata wina wa Fomu 3 anandithamangira. "Aphunzitsi, ampu yathu yapsa. Ikungolira ngati njuchi, ndiye mawa tikuimba potsanzikana ndi a Fomu 4." Ampuyo anali atabwereka kutchalitchi china kuno kwa Nthache, ndipo mantha ake enieni anali oti akaibweza bwanji kwa akuluampingo.

Nditafika muholo ndinaimvadi: mmmmmm, wosalekeza, pamwamba pake kaphokoso kena ka zzzz. Ndinamuuza kuti ampu yopsa nthawi zambiri imangokhala chete. Iyi inali moyo, imangokuza zinthu zomwe sitinaitume.

Tiyambe ndi gitalayo. Pansi pa nsambo pali kachipangizo kotchedwa pickup. Mkati mwake muli maginito, ndipo mozungulira maginitowo anakulungamo waya wamkuwa wopyapyala ngati tsitsi, maulendo masauzande angapo. Mukakhudza nsambo yachitsulo, imanjenjemera ndi kusokoneza mphamvu ya maginito ija, ndipo mu koyilo mumabadwa timagetsi tochepa, tosakwana ndi volti imodzi yomwe. Ndi zomwe Michael Faraday anatulukira mu 1831, zija a Fomu 4 mumaloweza za electromagnetic induction. Ampu imatenga timagetsi timeneti n'kutikuza mpaka sipika igwedezeke.

Vuto ndi loti koyilo sisankha. Mphamvu ya maginito iliyonse yomwe ikusinthasintha pafupi nayo, imatola basi. Ndipo m'chipinda chilichonse cholumikizidwa ku ESCOM mphamvu yotereyi ili ponseponse, chifukwa magetsi athu ndi a AC, a 230 V, ndipo amapita n'kubwerera maulendo 50 pa sekondi iliyonse. Ndiyo 50 Hz imeneyo. Makina opukusa magetsi pa mtsinje wa Shire, ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira, amazungulira pa liwiro loti nambala imeneyi isasinthe. Ndiye mmmm mukumumvayo, tinene kuti ndi mawu a ku Nkula atafika mpaka muholo mwathu. Ku America magetsi awo ndi a 60 Hz, kotero ampu zawo zimalira mokwererako pang'ono.

Anyamatawo sanakhulupirire. Ndinauza wa bezi kuti akanikize nsambo yaikulu pa fret yachitatu. Notsi imeneyo ndi G, ya 49 Hz. Ataiimba, inangotsala pang'ono kufanana ndi kulira kwa ampu, ndipo onse anaseka. Mukayesere nanunso.

Tsono kufufuza. Anyamatawa anali atapotokola kale mabatani onse, kusintha soketi, kumenya ampu pambali, zonse nthawi imodzi. Mukatero, ngakhale phokoso lithe, simudziwa chomwe chalithetsa. Tinayamba kusintha chinthu chimodzi chimodzi, monga timachitira pa practical.

Choyamba tinazula kebulo ya gitala pa ampu. Phokoso linachepa kwambiri, kutanthauza kuti lambiri limalowera kugitala kapena mukebulo. Tinabwezera kebulo, n'kutsitsa voliyumu ya pagitala mpaka pa ziro. Mmmm uja anazilala, koma nditagwedeza kebulo pafupi ndi jack inachita kwa! kwa! Kebulo ya gitala ili ndi waya wapakati wonyamula nyimbo, ndipo kunja kwake kuli timawaya tolukana ngati mphasa totchinga phokoso. Titamasula jack tinapeza timawaya timeneti titaduka, tatsala tiwiri kapena titatu, wina atangomatapo selotepi. Tinabwereka kebulo ya kiyibodi.

Zzzz uja anali adakalipo. Pa extension yomweyo panali matchaja a foni anayi, amene aja otchipa a pamsika. Tchaja chimadula ndi kulumikiza magetsi maulendo masauzande ambiri pa sekondi, ndipo chotchipa chimamwaza zinyalala zimenezi m'mawaya. Titazula, zzzz anachepa. Kwa inu amene kwanu mumagwiritsa ntchito sola, inverter yotchipa imachitanso chimodzimodzi, mwinanso kuposa, chifukwa magetsi ake satuluka mosalala ngati a ESCOM, amatuluka modukizadukiza.

Kenako ndinamuuza woimbayo kuti akweze voliyumu, achoke pomwe anakhala, pamwamba penipeni pa ampu, ndipo azizungulira pang'onopang'ono gitala ili m'manja. Phokoso limakwera n'kutsika malinga ndi komwe wayang'ana. Mu ampu muli thiransifoma, ndipo iye anaikhazika pickup pamphuno pake. Atasuntha mamita awiri, mmmm anatsala wochepa woti ng'oma ikalira simungamumve. Wotsalayo sangathe, chifukwa gitala yake ndi ya koyilo imodzi imodzi, yotengera Fender Stratocaster. M'zaka za m'ma 1950 Seth Lover wa kampani ya Gibson anapanga pickup ya makoyilo awiri olumikizidwa motsutsana, yotchedwa humbucker. Phokoso lolowa mukoyilo yoyamba limafafanizidwa ndi la yachiwiri, koma chifukwa maginito akenso ndi otembenuzidwa, mawu a nsambo amaphatikizana.

Tikanathera pomwepo ndikanapita kunyumba wosangalala. Koma mnyamata uja, akupinda kebulo yakale, anangoti, "Komanso aphunzitsi, ndikagwira nsambo n'kuyandikira maiki, imandiluma pamlomo." Anakamba ngati nthabwala.

Ndinathimitsa pakhoma nthawi yomweyo. Pulagi yathu kuno ili ndi mano atatu, ndipo lalitali lapamwamba lija ndi la earth. Pa pulagi ya ampu linalipo, koma extension inali ya mawaya awiri okha, yolumikiza pamanja, ndipo earth sinafike kulikonse. Dziwani kuti nsambo za gitala zimalumikizidwa ndi waya kupita ku chitsulo cha ampu. N'chifukwa chake pa gitala yabwinobwino phokoso limachepa mukagwira nsambo, ndipo zimenezo sizoopsa. Koma earth ikasowa, magetsi akathawira ku chitsulo cha ampu alibe njira yopitira pansi kupatula kudzera mwa woimba. Mu 1972 woimba gitala wa ku Scotland, Leslie Harvey, anafera pa siteji ku Swansea atagwira maikolofoni yomwe inalibe earth. Anali ndi zaka 27.

Ena amathyola dala dzino la earth ati kuti phokoso lichepe, ndipo nthawi zina limachepadi. Musayerekeze. Musatsegulenso ampu nokha, chifukwa ma capacitor amasunga magetsi ngakhale mutazula pakhoma. Imeneyo ndi ntchito ya mmisiri.

Extension ija ndinailanda, ili mu labu, ndimaonetsa a Fomu 2. Loweruka anaimba ndi ya mu ofesi ya ahedi, ya mawaya atatu, ndipo ampu inabwerera kutchalitchi Lamulungu m'mawa, mapemphero asanayambe.