ALENDO A M'MADAMBO ATHU AYAMBA ULENDO WOBWERERA KWAWO

M'miyezi ya Malichi ndi Epulo, pamene mvula ikulekeza ndipo chimanga chayamba kucha m'minda ya ku Namitete, Nsaru, Kabudula, Mpingu ndi Nambuma, m'madambo athu mumachitika chinthu chimene ambiri a ife sitichizindikira. Timbalame ta miyendo yaitali ndi milomo yosongoka, tomwe takhala tikutolatola chakudya m'matope kuyambira mwezi wa Seputembala kapena Okutobala, timayamba kunyamuka kubwerera kumpoto kwa dziko lapansi kumene tinabadwira. Akuluakulu adati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Ino ndiyo nyengo yabwino yoti tiwaone alendowa asanatsazike.

Kodi mbalamezi ndi ziti?

Yoonekera kawirikawiri m'madambo a mtsinje wa Bua ndi Namitete ndi imene pa Chingerezi amaitcha wood sandpiper: msana wake ndi wa mawangamawanga, miyendo yachikasu, ndipo pamwamba pa diso pali kamzere koyera. Inzake, common sandpiper, imadziwika msanga chifukwa poyenda m'mphepete mwa madzi imagwedeza mchira mosalekeza. Greenshank ndi yokulirapo, ya miyendo yobiriwirako, ndipo ikadzidzimuka imauluka ikulira katatu mofuula. Palinso ruff, yomwe yaimuna imamera nthenga zokongola m'khosi pa nyengo yoswana. Kakang'ono mwa zonse ndi little stint, kolemera pafupifupi magalamu 25 okha, komabe kamauluka mtunda woposa makilomita 9,000 kukafika ku malo ozizira a kumpoto kwa Russia. Tisazisokoneze ndi kakowa kapena nantchengwa, amene amakhala nafe chaka chonse.

Zimapitiranji kutali chotero?

Chifukwa chachikulu ndi chakudya cha ana. M'miyezi ya Juni ndi Julayi, ku Norway, Sweden, Finland ndi Siberia dzuwa limakhala pafupifupi osalowa, ndipo tizilombo timachuluka kwambiri m'madambo a kumeneko. Mbalamezi zimaikira mazira pansi, kawirikawiri anayi, ndipo ana akangoswa amayamba kudzifunira okha chakudya. Chisanu chikayandikira, madzi amaundana, chakudya chimasowa, ndiye zimabwerera kuno. Motero mbalamezi sizimanga zisa m'Malawi muno. Kwathu kuno zimangobwera kudzadya ndi kudzapuma.

Pa ulendowu zimatsata zigwa ndi nyanja za kuvuma kwa Africa, kudutsa cha ku Red Sea ndi maiko a Aluya. Zambiri zimauluka usiku, ndipo akatswiri adapeza kuti zimadziwa njira pogwiritsa ntchito dzuwa, nyenyezi ndi mphamvu ya maginito ya dziko. Zisananyamuke zimadya kwambiri nyongolotsi, tinkhono ndi mphutsi za m'madzi kuti zinenepe, pakuti mafuta a m'thupi ndiwo kamba wa pa ulendo. Mbalame yosanenepa mokwanira imafera panjira. Apa ndi pamene dambo la kuseri kwa mudzi wathu limakhala lofunika kwa mbalame yokaswa ku Siberia.

Tingazione bwanji?

Sipafunika chuma. Tilawire m'mamawa kapena tipite dzuwa litapendeka, pa malo pamene madzi akuphwa ndi kusiya matope. Tikhale pansi mwakachetechete, dzuwa lili kumbuyo kwathu, titavala zovala zosawala, agalu titawasiya kunyumba. Tiyang'ane zinthu zitatu: kutalika kwa mlomo, mtundu wa miyendo ndi kayendedwe. Tilembe m'kope tsiku, malo ndi chiwerengero cha mbalame. Magalasi oonera patali amathandiza, koma ngakhale opanda iwo tingathe kusiyanitsa mitundu ingapo. Aphunzitsi angathe kutenga ana a m'makalabu a zachilengedwe, monga amene bungwe la Wildlife and Environmental Society of Malawi limalimbikitsa m'sukulu. Kope lolembedwa mokhulupirika chaka ndi chaka lidzatiuza ngati alendowa akuchepa.

Udindo wathu

Dziko lathu lili ndi mitundu ya mbalame pafupifupi 650, monga likusonyezera buku la The Birds of Malawi lomwe Françoise Dowsett-Lemaire ndi Robert Dowsett adatulutsa mu 2006. Nyanja ya Chilwa ndi dambo la Elephant Marsh zili pa mndandanda wa malo a madzi otetezedwa pansi pa pangano la Ramsar, ndipo Elephant Marsh idalowamo mu 2017. Koma madambo ang'onoang'ono a m'midzi yathu alibe mlonda wina koma ife eni.

Tonse tikudziwa kuti dimba ndilo limatipulumutsa pa nthawi ya njala. Komabe tikalima mpaka m'khwawa, tikakumba dothi la njerwa ndi mchenga paliponse, tikatsuka zopopera mankhwala a tomato m'madzi, dambo limauma msanga ndipo zamoyo za m'matope zimatha. Dambo lomwelo ndilo limasunga madzi a m'zitsime zathu ndi msipu wa ng'ombe m'chilimwe. Likafa, sitaya mbalame zokha.

Tipemphe mafumu ndi makomiti a m'midzi kuti asiye chigawo china cha dambo chosalimidwa. Tiwalangize ana athu kuti legeni ndi ulimbo zisamathere pa mbalame zomwe zikukonzekera ulendo. Tikatero, Okutobala akadzafika alendowa adzapeza malo awo ali chikhalire, ndipo zitsime zathu zidzakhala zikadali ndi madzi.