Chithunzi chokanika kugulidwa: achikonzenso kapena achisiye?

Pa Lizulu magalimoto a mumsewu wa M1 amaima tsiku lililonse, koma anthu amatsikira kachewere, kabichi ndi tomato. Zithunzi zopenta pamanja, ayi ndithu. N'chifukwa chake wojambula wa ku Ntcheu akhoza kusunga chithunzi cha penti wa mafuta zaka zitatu popanda wofunsa mtengo, mpaka kuyamba kuganiza zochikonzanso: kuwalitsa mitambo, kuwongola mkono wa wovina ngoma, mwinanso kuchifuta chonse poti nsalu yopentapo ndi yodula.

Si zachilendo. Mu 2008 akatswiri ataunika ndi X-ray chithunzi cha udzu chomwe Vincent van Gogh anapenta ku Paris mu 1887, anapeza nkhope ya mayi wakumudzi pansi pake. Mkuluyu ankapenta pamwamba pa ntchito zakale posowa ndalama yogulira nsalu.

Koma penti wa mafuta ali ndi malamulo ake. Ngati chithunzi chinapakidwa vanishi, achotsedwe kaye, apo ayi penti watsopano sagwira bwino. Wapamwambayo akhalenso ndi mafuta ochulukirapo kuposa wapansi. Mukamusungunula kwambiri ndi thapentaini, m'kupita kwa nthawi amang'aluka ngati dothi la m'dambo mu Okutobala.

Chondidetsa nkhawa ine ndi china: mwina cholakwika si chithunzicho, koma msika. Ntchito yokanika pa Ntcheu boma ikhoza kupeza mwini ku Lilongwe, kapena kwa alendo opita ku Kungoni, ku Mua, m'boma la Dedza pompa. Musanagwire bulashi, chijambuleni pa foni, muchiponye pa Facebook, mudikire kaye masabata awiri.