Mphekesera Zimene Zinamutsata Ennio Morricone

[Nyimbo: mluzu ndi gitala za mu filimu ya A Fistful of Dollars. Itsike pang'onopang'ono.]

Mluzu mwaumvawo si wachilendo m'makutu mwanu. Amene munakula mukuonera mafilimu a makauboyi mwaona kale m'maganizo chipululu cha fumbi, hatchi itaima, ndi mwamuna wandevu ataluma ndudu, dzanja lili pafupi ndi mfuti. Mukafunsa kumene nyimboyi inachokera, ambiri angayankhe mosakayika kuti ku America.

Ayi ndithu. Anaipeka ndi mwana wa mumzinda wa Rome ku Italy, Ennio Morricone, wobadwa pa 10 Novembala 1928. Chipululu chimene munachiona mufilimuyo ndi cha ku Spain. Ndipo bodza loyamba lokhudza munthuyu linayambira kwa eni filimu omwe. Mu 1964, pamene A Fistful of Dollars inkatuluka, anthu a ku Italy ankakhulupirira kuti filimu ya makauboyi yeniyeni ndi ya Amereka basi. Choncho ambiri mwa opanga filimuyo anabisala m'mayina obwereka. Wotsogolera filimuyo, Sergio Leone, anasanduka Bob Robertson. Morricone anasanduka Dan Savio. Pa mafilimu ena anadzitchanso Leo Nichols. Anthu anatuluka m'nyumba za kanema akuimba mluzu wa munthu amene sanabadwepo.

Nanga mluzuwo unali wa yani? Pali ena amene mpaka lero amati ankaimba ndi Clint Eastwood, ena amati ndi Morricone mwiniwake. Onsewa anaphonya. Milomo yake inali ya Alessandro Alessandroni, woimba gitala amene anali ndi kwaya yake yotchedwa I Cantori Moderni. Mawu a mzimayi aja a m'mafilimu a Leone, okwera ngati akupita kumwamba, opanda liwu lililonse lomveka tanthauzo, anali a Edda Dell'Orso. Morricone ankalemba akudziwiratu pakamwa pamene nyimboyo idzatulukire.

[Nyimbo: chiyambi cha The Good, the Bad and the Ugly.]

Tamverani bwino kulira kumeneko. Akutsanzira nkhandwe ya m'zipululu za ku America. Mufilimuyi, ya mu 1966, amuna atatu onse ali ndi kanyimbo kamodzi komweko, koma aliyense ndi liwu lake: wabwinoyo chitoliro, woipayo kachitoliro kadothi kolira mwabesi, wonyansayo mawu a anthu okuwa. Amene sadziwa amati zinali zongoseweretsa chifukwa ndalama zolembera gulu lalikulu la oimba panalibe. N'zoona kuti poyamba ndalama zinali zochepa. Koma munthu wosaphunzira sangaike chikwapu, belu ndi mluzu pamodzi n'kukhala nyimbo. Morricone anaphunzira lipenga, lomwe bambo ake a Mario ankaliza, kenaka anaphunzira kupeka nyimbo pa sukulu ya Santa Cecilia kwa katswiri Goffredo Petrassi. Kwa zaka zambiri analinso mu gulu la Nuova Consonanza, la oimba amene ankayesa kutulutsa nyimbo m'phokoso la chinthu chilichonse.

Pali nkhani ina imene imamveka ngati nthano yocheza madzulo, koma ndi yoona. Leone atapita kukakumana naye koyamba kuti akambirane za ntchito, zinapezeka kuti awiriwa anakhalapo m'kalasi imodzi kupulayimale. Chithunzi cha kalasiyo chilipo, anyamata awiriwo ali momwemo. Inanso yoona ndi iyi: pa filimu ya Once Upon a Time in the West mu 1968, nyimbo zinalembedwa filimu isanajambulidwe. Leone ankaziliza pamalo ojambulira kuti ochita sewero aziyenda motsatira nyimboyo. Nthawi zambiri filimu imayamba, nyimbo n'kutsatira. Kunoko filimu ndiyo inkavina ng'oma ya Morricone. Ndipo chiyambi cha filimu yomweyo chilibe nyimbo n'komwe kwa mphindi zingapo. Mumangomva madzi akudontha, ntchentche ikulira, chitsulo chikukwekwesa.

Tsopano tifike pa mphekesera imene inkamupweteka mtima, yakuti sankalemba yekha.

Anthu ankawerenga mafilimu ake n'kupukusa mutu. Pa moyo wake wonse anaposa 400, kuphatikiza za pa wailesi yakanema. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1960 ndi kumayambiriro kwa m'ma 1970 ankatha kumaliza mafilimu pafupifupi 20 chaka chimodzi. Munthu mmodzi, manja awiri? Manong'onong'o anayamba akuti kuseri kuli anyamata omulembera. Dzina lotchulidwa kawirikawiri linali la Bruno Nicolai, mnzake amenenso anaphunzira kwa Petrassi, yemwe ankatsogolera oimba pojambula nyimbo zambiri za Morricone. Ubwenzi wawo utazirala, mphekeserayo inapeza nkhuni.

Morricone anakana mpaka kumanda. Iye ankanena kuti noti iliyonse ya chida chilichonse ankalemba ndi dzanja lake, ndipo ankadzudzula chizolowezi cha ku Hollywood chakuti wopeka amangopereka mutu wa nyimbo, wina n'kugawira zida. Amene anagwira naye ntchito amafotokoza chinthu chimodzi chofanana: sankapekera pa piyano. Ankadzuka mbandakucha, n'kukhala pa desiki ndi pepala la manotsi, ngati kalaliki akulemba kalata. Gulu lonse la oimba linkalira m'mutu mwake. Ine ndimaona kuti mphekeserayi inabadwira pomwepa. Tikaona mlimi amene nkhokwe yake yadzaza kuposa za anzake, ena amayamba kufunsa za mankhwala, osafunsa nthawi imene amadzukira.

[Nyimbo: Gabriel's Oboe, ya mu filimu ya The Mission.]

Iyi si ya makauboyi. Ndi ya mu The Mission, filimu ya mu 1986 yonena za ansembe a Chijezwiti pakati pa anthu a mtundu wa Guaraní ku South America. Ndaiika dala, chifukwa bodza lokhalitsa kwambiri ndi lakuti Morricone anali wa mafilimu a makauboyi okha. Amenewo sanafike ngakhale gawo limodzi mwa magawo khumi a ntchito yake. Analembera The Battle of Algiers, Days of Heaven, The Untouchables, Cinema Paradiso. Ngakhale dzina loti "spaghetti western", limene anthu akunja anapatsa mafilimu a makauboyi a ku Italy, ankadana nalo. Ankaliona ngati chipongwe, kufanizira ntchito ya anthu ndi chakudya cha m'mbale.

The Mission yomweyi inamusiyira chilonda. Anthu ambiri ankayembekeza kuti mphoto ya Oscar ndi yake, koma mu 1987 inapita kwa Herbie Hancock pa filimu ya Round Midnight, imene nyimbo zake zambiri zinali zakale za jazi zongokonzedwanso. Morricone sanabise kukhumudwa kwake. Ena anayamba kunena kuti Hollywood inkamulanga chifukwa anakana kusamukako ndiponso sanaphunzire Chingerezi. Zakuti anakana kusamuka n'zoona. Iye mwini ankafotokoza kuti anamulonjeza nyumba kumeneko koma anasankha kukhala ku Rome. Zakuti kunali chiwembu, imeneyo ndi nkhani ya pakamwa chabe. Chodziwika ndi chakuti anapikisana nawo kasanu osapata kanthu. Mu 2007 anamupatsa Oscar yaulemu, ndipo womupatsira anali Clint Eastwood, amene anaimanso pambali pake kumasulira mawu ake a Chitaliyana.

Kenaka kunabwera Quentin Tarantino, amene kwa zaka ankatola nyimbo zakale za Morricone n'kuziika m'mafilimu ake. Mu 2013 manyuzipepala analemba kuti mkuluyu wauza ophunzira a payunivesite ina ku Rome kuti sadzagwiranso ntchito ndi Tarantino. Morricone anati mawu ake awadula pakati. Patangopita zaka ziwiri, analembera The Hateful Eight ya Tarantino yemweyo, ndipo mu 2016, ali ndi zaka 87, analandira Oscar yopikisana imene inamuzemba moyo wonse. Zina mwa nyimbo za mufilimuyo zinali zotsala zimene anazilembera The Thing ya John Carpenter mu 1982.

Mukanati zathera pomwepo. Mu Novembala 2018, sabata ya tsiku lake lokwanitsa zaka 90, magazini ya Playboy ya ku Germany inasindikiza zokambirana zimene inati Morricone watukwana Tarantino ndi kunyoza mafilimu ake. Nkhaniyo inazungulira dziko lonse pa intaneti tsiku limodzi. Mkuluyo anakanitsitsa ndipo anauza maloya ake kuti achitepo kanthu. Magaziniyo poyamba inaumirira, koma pasanathe masiku inavomera kuti mawu ena sanalembedwe monga ananenedwera, ndipo inapepesa. Kupepesako sikunathamange ngati mmene chipongwecho chinathamangira. Mpaka pano mudzapeza anthu akubwereza mawu aja ngati ake.

[Nyimbo: mutu wa Cinema Paradiso, pansipansi.]

Mwina n'chifukwa chake nkhani yomaliza sanafune kuti wina amulembere. Atagwa n'kuthyoka fupa la ntchafu, anagonekedwa m'chipatala ku Rome, ndipo anamwalira pa 6 Julayi 2020 ali ndi zaka 91. Tsiku lomwelo loya wake anaima pamaso pa atolankhani n'kuwerenga uthenga wa maliro umene Morricone analemba yekha asanatsikire kuli chete. Anatchula abwenzi ake, azichemwali ake, ana ake anayi ndi zidzukulu. Anapempha kuti maliro ake akhale a pabanja pokha chifukwa sankafuna kuvutitsa anthu. Womaliza kutchulidwa mu uthengawo anali Maria, mkazi amene anamukwatira mu 1956.

[Nyimbo ikwere.]