Foni yakale isachoke m'manja msanga: msampha wa beta posamutsa za geni

Pamsika wa Mgona, kufupi ndi Kanengo mumzinda wa Lilongwe, wogulitsa mtedza ndi soya amayamba kugwira foni asanagwire sikelo. M'fonimo muli nambala za alimi a ku Mchinji, Dowa ndi Kasungu, nambala ya dalaivala wa lole, mauthenga a makasitomala oitanitsa matumba, komanso mndandanda wa amene adatenga katundu pangongole. Ku Kawale, mayi wa kaunjika amajambula madiresi n'kuwaika pa WhatsApp belo likangotsegulidwa. Ku Biwi, wogulitsa masipeyala a galimoto amalandira chithunzi cha chitsulo chothyoka n'kutchula mtengo asanadzuke pampando.

Kwa anthu amenewa, tsiku losintha foni lili ngati tsiku losamutsa sitolo. Chivutireni ndalama ya kwacha, makamaka itagwa ndi 44 peresenti mu November 2023, ndi ochepa amene angagule foni yatsopano yakale ikadali m'thumba. Ambiri amapereka yakaleyo n'kuwonjezerapo ndalama. Wogula amaifufuta pomwepo pabenchi, mwini wake n'kubwerera ku Chinsapo kapena ku Area 23 mtima uli m'malo poti zonse zili mu backup. Usiku akayatsa foni yatsopano, backup ija imakana kulowa, mwinanso siioneka n'komwe. Chimodzi mwa zifukwa zake ndi kamawu kakang'ono kamene ambiri sakaikira kumtima: beta.

Backup ndi beta n'chiyani?

Backup ndi nkhokwe ya zimene zili m'foni, yosungidwa pa intaneti kapena pakompyuta. Pa mafoni a Android, monga Tecno, itel, Infinix ndi Samsung, nkhokweyo imakhala mu akaunti ya Google. Pa iPhone imakhala mu iCloud. Google imapereka malo aulere a 15GB, pamene Apple imapereka 5GB.

Beta ndi pulogalamu yomwe kampani ikuiyesabe. Imaperekedwa kwa anthu odzipereka kuti aione ngati ili ndi zolakwika isanatulutsidwe kwa aliyense. Woigwiritsa ntchito amaona zatsopano anzake asanazione, koma amalandiranso mavuto ake: batire kutha msanga, foni kutentha, mapulogalamu ena kudzitsekera okha. Walira mvula walira matope.

Vuto lalikulu limaonekera posamuka. Lamulo lake ndi limodzi pa mafoni onse: backup imapita kutsogolo, siibwerera m'mbuyo. Yopangidwa pa pulogalamu yakale imalowa bwinobwino m'foni ya pulogalamu yatsopano. Yopangidwa pa pulogalamu yatsopano siilowa m'foni ya pulogalamu yakale. Popeza beta nthawi zonse imakhala patsogolo pa pulogalamu imene ili pamsika, foni yochoka m'katoni lero ikhoza kukhala “yakale” poyerekeza ndi foni yong'aluka galasi imene yangogulitsidwa.

Beta imalowa bwanji m'foni ya wamalonda?

Mavenda ambiri sadaipemphe beta. Nthawi zina ndi mwana wa pasukulu amene adabwereka foni madzulo, n'kudina mawu oti Join the beta pansi pa pulogalamu mu Play Store pofuna kuona zatsopano za WhatsApp. Nthawi zina ndi wokonza mafoni amene adaikamo pulogalamu iliyonse imene adaipeza poifulasha. Mafoni ogwiritsidwapo kale ntchito ochokera kunja nawo akhoza kubwera beta ili kale m'kati.

Pa iPhone zidaphweka kwambiri mu 2023, Apple itaika batani la Beta Updates mu Settings kuyambira pa iOS 16.4. Kampaniyi ili ndi kalendala yodziwika: beta yoyamba imatuluka mu June, ya anthu wamba mu July, ndipo pulogalamu yomalizidwa imatuluka mu September. Choncho miyezi ya pakati pa June ndi September, yomwe kunonso ndi nyengo ya malonda a zokolola, ndi imene wosintha iPhone angakodwe mosavuta.

Beta ya Android yeniyeni imapezeka kwambiri pa mafoni a Pixel ndi a Samsung, koma siidasiye mafoni odziwika kuno. Mu 2019, Tecno Spark 3 Pro idali m'gulu la mafoni oyeserapo Android 10. Google imachenjeza eni mafoni a Pixel kuti kutuluka mu beta pulogalamu yomalizidwa isanafike kumafufuta zonse za m'foni.

Palinso ena amene amakodwa ndi lamulo lomweli beta asadaikhudze n'komwe. Mwachitsanzo, wamalonda amene foni yake ya Android 14 yabedwa m'chipwirikiti cha msika wa Tsoka akhoza kuthamangira kugula yotchipa ya Android 12 kuti geni isaime. Google imanena poyera kuti backup ya Android yapamwamba siingabwezeretsedwe m'foni ya Android yotsika. Kwa amalonda a m'matauni a Lilongwe, uwu ndiye msampha wofala kuposa beta yeniyeniyo.

Chimene chimapulumuka ndi chimene chimatayika

Si zonse zimene zimatsekeredwa. Nambala za anthu zosungidwa mu akaunti ya Google kapena iCloud zimabwera zokha munthu akangolowetsa imelo ndi pasiwedi yake m'foni iliyonse. N'chimodzimodzi zithunzi zimene zidakwera kale ku Google Photos. Zimene zili pachiopsezo ndi nambala zosungidwa m'foni mwenimwenimo, mauthenga a SMS, mbiri ya amene adaimba, ndi zolemba za m'mapulogalamu ena osungira maakaunti a ngongole.

Ndalama za mu Airtel Money ndi TNM Mpamba sizikhala m'foni. Zimatsata nambala ya SIM, ndipo wosintha foni amazipeza zonse akaimba *211# kapena *444#. Chotayika ndi ma SMS otsimikizira kuti uje adalipira tsiku lakuti. Kasitomala akamaumirira kuti adatumiza kale ndalama ya matumba awiri, uthenga umenewo ndiwo umathetsa mkangano mosavuta.

Njira yotulukira pa iPhone

Ngati iPhone yakale idali pa beta, yatsopanoyo iyenera kuipeza kaye. Mwini wake aiyatse ngati foni yopanda kanthu, osasankha zobwezeretsa backup. Alowetse akaunti yake ya Apple yomwe ija, apite ku Settings, General, Software Update, n'kuyatsa Beta Updates. Pulogalamu ikakwera kufika pa nambala yofanana ndi ya foni yakale kapena kuiposa, aifufute posankha Erase All Content and Settings. Ikayambanso, apo ndi pamene angasankhe backup yake ya mu iCloud.

Ntchitoyi imadya intaneti ya ma GB angapo, choncho imafuna Wi-Fi yodalirika ndi foni yodzaza moto. Magetsi akathima pakati batire lili lochepa, ntchito imabwerera poyambira. Amene sakufuna beta m'foni yatsopano akhoza kudikira mpaka pulogalamu yomalizidwa ituluke mu September, akugwiritsabe ntchito yakale. Koma ngati iPhone yogulidwayo ndi ya mtundu wakale kwambiri moti siilandiranso pulogalamu imeneyo, palibe wokonza mafoni amene angaikakamize. N'chifukwa chake funsoli liyenera kufunsidwa ndalama isanachoke m'manja.

Njira yotulukira pa Android

Apa chida chachikulu ndi maso. Asanalipire, wogula atsegule Settings, About phone pa mafoni onse awiri n'kuyerekeza nambala ya Android version. Ya foni yatsopano ikhale yofanana kapena yaikulu. Ikakhala yaing'ono, aone pa System update ngati pali pulogalamu yoikweza. Mafoni ambiri otchipa amakhala pa nambala imene adabwera nayo mpaka kutha kwake, choncho lonjezo la wogulitsa loti idzakwera yokha si loyenera kulidalira.

Ngati thumba likungolola foni ya Android yotsika, katundu asamutsidwe pamanja mafoni onse ali pamodzi: nambala zonse zikopedwere mu akaunti ya Google, zithunzi ndi zikalata ziikidwe pa memori khadi, ndipo ma SMS ofunika ajambulidwe. Amene foni yake yabedwa asazengereze, chifukwa Google imafufuta backup ya foni imene yakhala masiku 57 osagwiritsidwa ntchito.

WhatsApp, kumene kuli geni yeniyeni

Backup ya WhatsApp ndi yapayokha, ndipo ili ndi malamulo akeake. Imafuna nambala ya foni yomwe ija ndi akaunti ya Google yomwe ija. Wamalonda amene adatsegulitsa imelo kwa mnyamata wa pabenchi zaka zitatu zapitazo osalemba pasiwedi ayambe wathana ndi zimenezo foni yakale ikadali yamoyo.

Kulembetsa beta ya WhatsApp kumatsata akaunti ya Google. Munthu akalowetsa akauntiyo m'foni yatsopano n'kutenga WhatsApp mu Play Store, amalandira beta yomweyo ndipo zinthu zimayenda. Vuto limabwera ndi chizolowezi chopulumutsa bandulo potumizirana mapulogalamu pa Xender. WhatsApp yotengedwa kwa mnzako wa benchi loyandikana ikhoza kukhala ya miyezi ingapo m'mbuyo, ndipo nthawi zina imalephera kuwerenga backup yopangidwa ndi beta. Bandulo yaing'ono yotengera pulogalamu mu Play Store ndi yotchipa kuposa mndandanda wa ngongole.

Mwayi wobwezeretsa mauthenga umabwera kamodzi, nthawi yolembetsa nambala. Wodina Skip chifukwa chofulumira amapeza WhatsApp yopanda kanthu. Choopsa n'chakuti akaisiya choncho, pulogalamuyo imadzapanga backup yatsopano ya mauthenga ochepawo n'kuiika m'malo mwa yakale ija, popeza Google imasunga yomaliza yokha. Wolakwitsa chotero aichotse WhatsApp tsiku lomwelo, aiikenso, n'kusankha Restore.

Kuyambira mu 2023, WhatsApp ili ndi njira yosamutsira mauthenga popanda kudutsa pa nkhokwe ya pa intaneti. Pa Settings, Chats, Transfer chats, foni yakale imajambula chizindikiro cha QR chimene chili pa yatsopano, mauthenga n'kuwoloka okha. Itangotuluka, njirayi inkagwira pa mafoni a mtundu umodzi okha, Android ndi Android kapena iPhone ndi iPhone, ndipo imafuna kuti onse akhale pafupi, oyaka. Wogulitsa foni yakale m'mawa wataya njira imeneyi madzulo.

Pali zina ziwiri zofunika kuziona. Kuyambira kumayambiriro kwa 2024, backup ya WhatsApp imawerengedwa pa 15GB ya Google ija, choncho mavidiyo a m'magulu akadzaza malowo, backup imaima mwakachetechete. Tsiku la backup yomaliza limaoneka pa Settings, Chats, Chat backup. Chachiwiri, amene adatseka backup yake ndi pasiwedi kapena kiyi ya zilembo 64 ayenera kuisunga polembedwa. Ikaiwalika foni yakale itapita, ngakhale a WhatsApp eni ake sangaitsegule.

Ogwiritsa ntchito GB WhatsApp ndi zinzake ali pamavuto ena. Mapulogalamuwa si a kampani ya WhatsApp, backup yawo siidalirika posamukira ku WhatsApp yeniyeni, ndipo nambala ikhoza kutsekedwa.

Pabenchi la wokonza mafoni

Amisiri a mafoni a m'tauni, a ku Nsungwi ku Area 25 ndi a m'misika ina amathandiza anthu ambiri, koma mwini foni akhale pompo ntchito ikamachitika. Pasiwedi alembe yekha. PIN ya Airtel Money, Mpamba kapena ya kubanki siifunika pa ntchito yosamutsa backup, ndipo nambala zisanu ndi imodzi zimene WhatsApp imatumiza pa SMS si zouza munthu. Mawu oti “tiifulasha” akamveka, funso loyamba likhale loti zam'katimo zili kuti, chifukwa kufulasha kumafufuta zonse.

Pogwirizana za kusinthana mafoni, wamalonda apemphe kuti yakale aipereke mawa lake kapena akatha kusamutsa zonse pamaso pa wogulayo. Asanaifufute, aone zinthu zinayi m'foni yatsopano: nambala za makasitomala, mauthenga akale a WhatsApp, zithunzi za katundu, ndi mndandanda wa ngongole. Zikapezeka zonse, achotse akaunti yake ya Google kapena ya Apple m'foni yakale, kenako aifufute. Akaiwala kuchotsa akauntiyo, foni ikhoza kudzitseka m'manja mwa wogula, mawa lake n'kubwera kudzafuna ndalama yake.

Foni yodyetsa banja si yoyeserapo zinthu. Amene amakonda zatsopano aike beta m'foni ina yopanda geni. Amene waipeza ili kale m'foni yake akhoza kutuluka podina Leave patsamba la pulogalamuyo mu Play Store, kapena kuthimitsa Beta Updates pa iPhone, n'kudikira kuti pulogalamu ya aliyense imupeze, osachotsa kanthu.

Ndipo kope lija la pansi pa thebulo lisatayidwe. Maina a angongole, ndalama zawo, ndi nambala khumi za anthu amene geni singayende popanda iwo zilembedwe ndi bolopeni Loweruka lililonse poweruka. Foni ikakana backup Lolemba m'mawa, wa kope amatsegula benchi nthawi yake, n'kubwereka foni ya mnzake kuimbira dalaivala wa lole.