Kogona Mlendo pa Ulendo wa kwa Mwase Lundazi

Makolo athu adati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Mwambiwu adauponya m'masiku amene mlendo ankafika yekha ndi ndodo ndi kathumba, nagona pa mphasa m'mphala pamodzi ndi anyamata a pamudzi. Mlendo wa masiku ano safika chomwecho. Amatsika galimoto ndi mkazi wake, ndi ana atatu obadwira ku Lusaka kapena ku Kitwe amene sanagonepo pansi chibadwire, ndiponso ndi zikwama zodzaza khonde lonse. Wadza Lachisanu madzulo, abwerera Lamulungu masana, koma pa masiku awiri okhawo funso lakuti anthu onsewa agona kuti limasautsa mudzi wathunthu, ndipo nthawi zina limasiya mawu amene sazizira mpaka chaka chamawa. Mwezi uno tikulankhula ndi inu abale athu a m'matauni amene kwanu ndi kwa Mfumu Yaikulu Mwase, komanso ndi ena amene mungofuna kukapuma mphepo ya kumudzi popanda kukhuthula thumba.

Tiyambe ndi mtunda, pakuti ambiri amauchepetsa ali chikhalire pa mpando. Kuchokera ku Lusaka kufika ku Chipata ndi makilomita pafupifupi 570, ndipo kuchokera ku Chipata kufika pa boma la Lundazi pali enanso pafupifupi 180. Mukatsika pa boma mudakali ndi njira ina yolowera chakumalire ndi Malawi, kumene kuli Nthembwe, likulu la ufumu wa Mwase. Wochokera ku Chipata Loweruka ndi Lamulungu amukwanira. Wochokera ku Lusaka adzatha masiku onse awiri ali m'basi, ndipo chimene adzakumbuke pa ulendowo ndi nsomba zouma za pa mlatho wa Luangwa basi. Wotereyu adikire masiku a Pasaka, kapena tchuthi cha Heroes ndi Unity chimene chimagwa pa Lolemba loyamba la July ndi Lachiwiri lotsatira, kapenanso tsiku la alimi pa Lolemba loyamba la August.

Tsono nkhani yeniyeni nayi. Kwathu kuno munthu wofika kwawo nakagona m'chipinda cholipira amaoneka ngati wanyoza nyumba ya amake. Agogo adzafunsa ngati pakhomo pawo panunkha, ndipo alongo adzati tauni yam'dya mutu. Maganizowa ali ndi maziko, tisawaseke. Koma tionenso mbali inayo, imene eni mudzi sainena chifukwa cha ulemu. Alendo asanu akafika, ana a pakhomopo amasamutsidwa kukagona kwa anansi, bulangeti limodzi labwino limachoka pa msana wa nkhalamba m'mwezi wa chisanu, nkhuku imene ikanagulira mwana makope imaphedwa, ndipo mtsikana wa pakhomo amapita ku mjigo kasanu m'malo mwa kawiri. Palinso mwambo wathu womwe: mkamwini sagona nyumba imodzi ndi apongozi ake, ndipo ana akuluakulu aamuna ndi aakazi sagonekedwa malo amodzi. Kale mphala ndi gowelo ndizo zinkathetsa mavutowa, koma m'midzi yambiri nyumba zimenezi zidatha. Ife tikuona kuti chipinda cholipira sichochititsa manyazi, malinga nkhaniyo idzere pa khomo loyenera. Uzani amalume kapena mwini mbumba mudakali m'tauni, kuti iwo ndiwo akafotokozere amayi. Chakudya chonse mudyere kumudzi, madzulo mucheze pa moto mpaka nkhani zithe, ndipo ngati n'kotheka mwana mmodzi kapena awiri atsale kugona ndi agogo awo. Mukatero, chimene mwakagula ku resitihausi ndi bedi chabe, ndipo palibe amene angati mwathawa abale.

Malo ogona ambiri ali pa boma. Yotchuka koposa ndi nyumba ija yonga linga la mafumu a ku Ulaya, imene bwanamkubwa wachitsamunda Errol Button adamangitsa chakumapeto kwa zaka za m'ma 1940 kuti muzifikira alendo, ndipo pambuyo pake idadziwika ndi dzina la Castle Hotel. Idamangidwa ndi njerwa zootcha, ili ndi nsanja zozungulira, ndipo imayang'ana damu la pa mtsinje wa Lundazi. Ngakhale musagonemo, pitani nawo ana akaione, chifukwa nyumba yotere simudzaipeza kwina m'chigawo chathu cha kum'mawa. Pa bomapo palinso malo ena ogona a anthu wamba, ena a zipinda zokhala ndi bafa ndi chimbudzi momwemo, zimene eni ake amazitcha self-contained, ena a chimbudzi cha onse kunja. Vuto la kugona pa boma ndi lakuti mtengo wa chipinda si mtengo wonse. Muwerengerenso ndalama ya galimoto kapena njinga yamoto yopita kumudzi m'mawa ndi yobwerera usiku, kwa munthu aliyense, masiku onse awiri. Kawirikawiri mukaphatikiza mudzapeza kuti chipinda chotchipa cha pa boma chadya ndalama zambiri kuposa cha pafupi ndi kwanu, ndipo chakulandaninso macheza a madzulo amene mudayendera ulendo wonsewo.

N'chifukwa chake ambiri amatembenukira ku tizipinda ta kuseri kwa mabala, timene timapezeka pa timisika ta m'mbali mwa msewu. Tizipinda timeneti n'totchipa pa chifukwa chodziwika: mwini wake phindu lake lili pa mowa, ndipo zipindazo adangoziwonjezera kuti woledzera kapena wamalonda wochedwa asapite kwina ndi ndalama yake. Pamenepa pali ubwino wake ndi kuipa kwake pamodzi. Mtengo mungakambirane, pakuti chipinda chogona chopanda munthu sichim'patsa kanthu. Koma simuli pa malo amene adamangira banja. Nyimbo zimalira mpaka wotsiriza atatuluka, makamaka kumapeto kwa mwezi ndi m'miyezi imene alimi alandira ndalama za mbewu. Ndipo tisabise mawu, popeza tikulankhula ndi akuluakulu: zipinda zina za pa malo otere zimabwerekedwa kwa ola limodzi kapena awiri, ndipo amene alowamo si alendo a ulendo. Mwamuna woyenda yekha, wodziletsa, angagonepo usiku umodzi osavutika. Woyenda ndi mkazi wake ndi ana aakazi osinkhuka afunse kaye bwino. Lamulo la mowa la chaka cha 2011 limaletsa kugulitsa mowa kwa mwana wosakwana zaka 18, ndipo tujilijili tidaletsedwa m'chaka cha 2012, koma lamulo silitseka maso a mwana amene njira yake ya ku chimbudzi idzera pakati pa anthu akumwa.

Safunsa adadya phula. Wodziwa malo abwino si chikwangwani cha pa msewu, koma aphunzitsi a pa sukulu ya pafupi, anamwino a pa chipatala chaching'ono, kapena akuluakulu a mphakati, chifukwa iwowa ndiwo amalandira alendo a ntchito chaka chonse ndipo amadziwa kumene adawagoneka osamva dandaulo. Nthawi zina iwo omwe adzakulozerani nyumba ya mphunzitsi amene wapita ku tchuthi, kapena ya mwana wa pamudzi amene adamanga ya malata koma akhala m'tauni, ndipo nyumba yotere imaposa chipinda chilichonse cha pa bala.

Mukafika pa malopo musatulutse ndalama musanaone chipinda ndi maso anu, ndipo mufike dzuwa likadalipo. Imani m'chipindamo mumve ngati khoma lake ndi lomwelo lotsamira zokuzira mawu za m'bala. Ngati pali chipinda cha kumapeto kwa mzere, sankhani chimenecho. Tukulani matiresi muyang'ane m'misoko mwake, pakuti timadontho takuda ndi chizindikiro cha nsikidzi, ndipo nsikidzi zimakwera m'chikwama n'kukafika nanu ku Lusaka. Yesani chitseko ngati chimatsekeka ndi m'kati momwe. Loko wanu wamng'ono ndi neti yanu ya udzudzu zisatsale kunyumba, chifukwa neti za m'malo otere zimakhala zobooka, ndipo ana okulira m'tauni malungo a kuno amawagwetsa msanga. Kaoneninso chimbudzi, ndi kufunsa kumene amatunga madzi. Amene mudaona kolera ya ku Lusaka ya 2023 ndi 2024, imene idachedwetsa ngakhale kutsegulira sukulu, simufunika kuuzidwa kawiri za madzi akumwa: aphitseni kapena thiranimo mankhwala. Malo olongosoka amakhala ndi buku lolembamo alendo, amafunsa chitupa chanu, ndipo amapereka lisiti. Kumene sakufunsani dzina n'komwe, dziwani kuti katundu wanu akasowa sadzakudziwaninso.

Za mtengo, nyengo ndiyo imalamula. Dziko la Lundazi ndi la chimanga, nsawawa, soya, mpendadzuwa, thonje ndi fodya, ndipo kuyambira chakumapeto kwa May mpaka September ogula mbewu amadzaza timisika tonse ndi masikelo awo. Iwowa amatenga zipinda kwa milungu, kotero wofika Lachisanu osapangana amapeza zonse zatha kapena mtengo wakwera. Tsiku la kabwandire, msika uja woyendayenda, nalonso limadzaza malo usiku wake. M'miyezi ya mvula zipinda zimakhala zambiri ndi zotchipa, koma misewu ya fumbi imasanduka matope ndipo timitsinje timadzaza, choncho chimene mwapulumutsa pa chipinda mungachitaye pokankhitsa galimoto. Funsani mtengo wa masiku awiri pamodzi, ndipo mumvane poyera ngati mtengowo ndi wa chipinda kapena wa munthu mmodzi, ngatinso madzi otentha osamba alimo. Masiku ano ambiri amatumiza ndalama pa foni kuti awasungire malo. Tumizani kwa mbale wanu amene akapereke pamanja ataona chipindacho, osati ku nambala imene mwangopatsidwa ndi munthu wa m'basi.

Miyezi ya June ndi July kuno kumazizira kwambiri usiku, ndipo wogwira ntchito pa malopo, mwa kukoma mtima kwake, angakubweretsereni mbaula. Otherani panja kapena pa khonde. Makala oyaka m'chipinda chotseka mazenera amatulutsa mpweya wopanda fungo umene umagonetsa munthu tulo tosadzuka nato, ndipo mabanja athunthu adatha motero m'dziko lathu lino. Bulangeti lowonjezera la kunyumba ndilo mankhwala a chisanu. Ngati tsiku lina mudzadyera pa malo ogonawo, nenani m'mawa kuti mufuna nsima ya nkhuku ya kumudzi kapena ya nkhwani wotendera, chifukwa ophika a pa timisika saphikira munthu amene sanamuone.

Pa boma ndi m'midzi yambiri yozungulira mudzamva Chitumbuka chochuluka, ngakhale ufumu wa Mwase ndi wa Achewa, wachibale ndi Mwase wa ku Kasungu, ndipo umakalamba kwa Kalonga Gawa Undi ku Mkaika chakumapeto kwa August. Phunzitsani ana kunena "monire" pamodzi ndi "muli bwanji", ndipo mlendo wosakhala wa konkuno akaonekere kwa anyakwawa asanayambe kuyendayenda ndi kujambula zithunzi. Amene midzi yanu ili chakufupi ndi nkhalango ya Kasungu mufunsenso za njovu musanapangane zobwerera ku chipinda usiku. M'chaka cha 2022 njovu 263 zidasamutsidwira m'nkhalangoyo kuchokera ku Liwonde, ndipo pambuyo pake midzi ina ya m'malire ku mbali ya Zambia idaonongekerwa minda, anthu ena n'kutaya miyoyo. Kumalo otere, ngati macheza apitirira mpaka mdima, gonani pomwepo pa mphasa, ngakhale chipinda mudalipira kale.

Wa njinga yamoto amene adzakutengeni pa tsiku lobwerera mupangane naye dzulo lake, ndipo mutenge nambala ya wachiwiri, chifukwa Lamulungu m'mawa ambiri a iwo amakhala ku mapemphero kapena sanadzuke. Mabasi a ku Lusaka amanyamuka pa boma mbandakucha, kotero usiku wotsiriza wokhawo ndi umene kugona pa boma kumapindula, tikiti mutagula kale masana ake.