UNZIKA UYAMBIRA PA MJIGO

Lamulo la dziko la Malaŵi likuti munthu aponye voti akakwanitsa zaka 18, koma matenda sadikira kuti mwana akule. Mliri wa kolera umene unabuka ku Machinga m'chaka cha 2022 unafika m'maboma onse, ngakhale ku Mzimba, ndipo unapha anthu oposa 1,700.

Kumwera kwa Mzimba, m'midzi yozungulira Embangweni, Edingeni ndi Jenda, abambo ambiri ali ku Joni. Kutunga madzi ndi kulera ana aang'ono kumagwera anyamata ndi atsikana otsala pakhomo. Chotero umoyo wa mudzi uli m'manja mwao.

M'nthawi ya Dr Banda, ana a sukulu ankalambula misewu pa Sabata ya Achinyamata. Lero ntchito yoyembekezera manja ao ili pafupi: kusesa pa mjigo, kutsegula ngalande kuti madzi asadikhe, ndi kuika mpondagiya ndi sopo pakhomo pa chimbudzi. Chimbudzicho chikumbidwe kumunsi kwa chitsime, pa mtunda wosachepera mamita 30, pakuti tizirombo ta kolera timachokera m'chimbudzi cha wodwala ndi kulowa m'madzi akumwa.

Komanso nzika yeniyeni imalankhula. Mtsikana wotunga madzi ndiye ayamba kuona mjigo ukawonongeka, ndiponso kumva za khomo limene wina akutsegula m'mimba. Ayenera kuuza mlangizi wa zaumoyo tsiku lomwelo. Nawonso mafumu ndi makomiti a zaumoyo awapatse malo achinyamata pa misonkhano, awamvere mpaka atsirize. M'mera mpoyamba.