Mipando yakale ikupeza msika ku Mzimba, koma penti amabisa zambiri

Kukwera mtengo kwa matabwa ndi kusowa kwa mitengo yachilengedwe kwachititsa kuti mipando, matebulo ndi makabati akale zikhale malonda pa boma la Mzimba komanso m'misika ya kummwera kwa bomali monga Jenda ndi Embangweni. Akalipentala amagula katundu wotereyu motchipa, kumukonza, kumupaka penti wonyezimira n'kumugulitsanso. Ogwira ntchito m'boma akukhudzidwa ndi malondawa mbali ziwiri: ndi iwo amene amagula akangofika pamalo atsopano a ntchito, ndiponso ndi iwo amene amasunga katundu wa boma yemwe, akatha ntchito, amakathera kwa akalipentala omwewa.

Zingadabwitse kuti matabwa avute m'boma limene muli nkhalango ya Viphya, yomwe ambiri amaitchula kuti Chikangawa. Nkhalangoyi, ya mahekitala pafupifupi 53,000, idabzalidwa kwambiri m'zaka za m'ma 1960 ndi 1970 ndi cholinga chodyetsa fakitale ya mapepala yomwe idayenera kumangidwa ku Chintheche, koma fakitaleyo sidamangidwe. Mu 1999 kampani ya Raiply idapatsidwa gawo la mahekitala 20,000, ndipo mbali zina zidatsegulidwa kwa ocheka matabwa ang'onoang'ono. Kudula kopyola muyezo ndi moto wolusa wa chaka ndi chaka zidasiya madera ambiri a nkhalangoyi ali mbee. Pamwamba pa izi, kwacha idatsika mphamvu ndi 25 peresenti mu May 2022 ndi 44 peresenti mu November 2023, zomwe zidakweza mtengo wa guluu, misomali, mahinjesi ndi zina zochokera kunja.

Ngakhale pomwe matabwa a ku Chikangawa akupezeka, ndi a paini, mtengo wofewa ndi wopepuka. Mipando yakale yambiri idapangidwa ndi mlombwa kapena mbawa, mitengo yolimba yomwe imatenga zaka makumimakumi kuti ikhwime. Kudula mitengo yotere m'nkhalango zotetezedwa monga Perekezi popanda chilolezo ndi mlandu malinga ndi lamulo la za nkhalango la 1997, lomwe zilango zake zidakhwimitsidwa mu 2020. Mu November 2022, msonkhano wa mayiko a pangano la CITES womwe udachitikira ku Panama udaika mitundu ya mu Africa ya mlombwa, mbawa ndi msambamfumu pa mndandanda wa mitengo yomwe malonda ake apakati pa mayiko ayenera kukhala ndi chilolezo chapadera. Choncho tebulo lakale la mlombwa, ngakhale litathyoka mwendo, lili ndi thabwa lomwe kalipentala sangalipeze mosavuta lero.

Katunduyu amachokera m'malo osiyanasiyana. Luso la ukalipentala lidazika mizu msanga m'chigawo cha kumpoto kudzera mu sukulu ya Overtoun ya mishoni ya Livingstonia, yomwe idatsegulidwa mu 1894, ndipo mishoni ya Loudon ku Embangweni idakhazikitsidwa mu 1902. M'nyumba zakale za aphunzitsi, abusa ndi akalaliki opuma mumapezekabe mipando yolumikizidwa ndi mphako ndi mano a thabwa, yopanda msomali ngakhale umodzi. Wina ndi katundu wa ogwira ntchito omwe asamutsidwa ndipo aona kuti mtengo wa galimoto ukuposa wa kabati. Palinso katundu wobwera ndi anthu ochokera ku South Africa, komwe achinyamata ambiri a ku Mzimba amapita kukagwira ntchito. Ambiri mwa ameneyu ndi wa chipboard, utuchi wopanikizidwa ndi guluu, womwe ukangomwa madzi umafufuma ndipo sukonzekanso.

Kusiyana kwa mitundu itatuyi ndi kumene kumauza mmisiri choyenera kupaka. Paini amalandira bwino penti, ndipo penti wamafuta amamuteteza ku chinyezi ndi madontho. Chipboard yemwe sadafufume angathe kupakidwa kuti aoneke bwino kwa kanthawi. Koma kupaka penti wonyezimira pa mlombwa kapena mbawa n'kutaya chuma, chifukwa chimene chimapatsa mtengo katunduyo ndi mizere ndi mtundu wa thabwa lenilenilo. Kabati ya mlombwa yopakidwa penti woyera imaoneka chimodzimodzi ndi ya paini, ndipo wogula alibe chifukwa choilipirira ndalama zambiri. Thabwa lolimba limafuna vanishi kapena polishi woonekera mkati.

Ntchito yeniyeni ili pokonzekera, osati popaka. Mmisiri wosamala amayamba ndi kuchotsa zogwirira, maloko ndi mahinjesi, kenako kutsuka katunduyo ndi sopo kuti mafuta a m'manja ndi polishi wakale zichoke, pakuti penti sagwira pa mafuta. Molumikizira mogwedera amamasula, kupala guluu wakale n'kumatanso, osati kungokhomerapo msomali womwe umang'amba thabwa louma. Timabowo ting'onoting'ono totuluka ufa ndi chizindikiro chakuti thabwalo likufumbwa, ndipo liyenera kuthiridwa mankhwala kapena kusinthidwa lisanapakidwe kanthu. Ming'alu imatsekedwa ndi utuchi wosalala wosakaniza ndi guluu. Akatero amakwecha ndi sandipepa, kuyambira wokhakhala mpaka wosalala, motsata mizere ya thabwa.

Penti wonyezimira sakhululuka. Chifukwa chakuti amabweza kuwala, kachilema kalikonse komwe katsala pansi pake kamaonekera kuposa kale. N'chifukwa chake pamafunika undercoat poyamba, makamaka pa paini yemwe mfundo zake zimatulutsa utomoni wodetsa penti. Pamwamba pake pamabwera penti wopyapyala kawiri kapena katatu, ndipo wopakidwa koyamba ayenera kuuma pafupifupi tsiku lathunthu asanakwechedwe pang'ono n'kupakidwanso. Wofulumira amapaka kamodzi mochindikala. Kunja kumauma, mkati muli muwisi, ndipo pakapita masabata ochepa pentiyo amachita makwinya kapena kumata zovala. Kuchulutsa thinazi pofuna kuti chitini chikwanire mipando yambiri kumapha kunyezimira komwe wogula akulipirira. Nyengo nayo ili ndi mbali yake: m'miyezi yozizira ya June ndi July penti amachedwa kuuma, pomwe mphepo ya fumbi ya August mpaka October imawaza mchenga pa penti wamuwisi wa amisiri ogwirira ntchito pansi pa mtengo m'mbali mwa msewu.

Pali chiopsezo china chomwe sichioneka ndi maso. Penti wamafuta wakale, makamaka wachikasu ndi wofiira, nthawi zambiri ankakhala ndi mtovu, womwe unkaikidwamo kuti mtundu uwale ndi kuti aziuma msanga. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO likunena kuti palibe mlingo wa mtovu m'thupi womwe ungatchedwe wosaopsa, ndipo ana aang'ono ndi amayi oyembekezera ndi amene ali pachiopsezo chachikulu chifukwa mtovu umaononga ubongo womwe ukukula. Bungwe la Lead Exposure Elimination Project litayeza penti wamafuta wogulitsidwa m'Malawi, zotsatira zomwe zidadziwika mu 2021 zidaonetsa kuti oposa theka la mapenti oyezedwawo adapyola mlingo wa magawo 90 pa miliyoni, womwe mayiko ambiri amautsata. Bungwe la Malawi Bureau of Standards lidachitapo kanthu, ndipo kafukufuku wotsatira wa mu 2023 adapeza kuti penti wa mtovu wachepa kwambiri pamsika.

Kusintha kumeneku kukukhudza penti wa m'sitolo, osati yemwe ali kale pa bedi kapena pa desiki. Kukwecha penti wakale ali wouma kumasandutsa mtovu kukhala fumbi lomwe mmisiri amapuma, n'kupitanso nalo kunyumba pa zovala. Kumuwotcha ndi moto kuti asupuke msanga n'koopsa koposa. Njira yabwinoko ndi kunyowetsa malowo pokwecha, kuvala chotchinga pamphuno ndi pakamwa, kugwirira ntchito kutali ndi pomwe ana amasewera kapena pomwe pamaphikidwa chakudya, ndi kusamba m'manja asanadye. Akuluakulu a sukulu, zipatala ndi sukulu za mkombaphala omwe akupereka ntchito yokonzanso madesiki ndi mabedi a ana ali ndi mphamvu yolemba m'pangano kuti penti wogwiritsidwa ntchito akhale wopanda mtovu ndiponso wovomerezedwa ndi bungwe loona miyezoli.

Kwa osunga katundu wa boma, nkhaniyi ili ndi mbali ya lamulo. Mpando wa mu ofesi ukathyoka sutanthauza kuti wasanduka wa aliyense. Kuyambira mu 2017, pomwe Nyumba ya Malamulo idakhazikitsa bungwe la Public Procurement and Disposal of Assets Authority m'malo mwa ofesi yakale ya ODPP, kugulitsa katundu wa boma wotha ntchito kuli pansi pa malamulo amodzi ndi kugula. Katunduyo amayenera kuyenderedwa ndi komiti, kuyerekezedwa mtengo, kugulitsidwa mwa njira yovomerezeka monga okushoni, ndi kuchotsedwa m'kaundula. Apa ndi pomwe kudziwa thabwa kumapindulira boma. Komiti yosasiyanitsa mlombwa ndi paini idzagulitsa tebulo lolimba pa mtengo wa nkhuni, kenako ofesi yomweyo n'kugula la chipboard lomwe silidzafika zaka zochepa, chikhalirecho ndalama yomatira miyendo ya lakalelo ikadakhala yochepa.

Penti amathanso kufufuta manambala ndi zizindikiro za boma pa katundu wotuluka mozemba, ndipo kulandira katundu wakuba ndi mlandu kwa kalipentala ngakhalenso kwa wogula wodziwa. Mmisiri wogula katundu wochokera mu ofesi ayenera kusunga lisiti la boma.

Wogula naye angadziteteze popanda chida chilichonse. Kunsi kwa tebulo, kuseri kwa kabati ndi mkati mwa madirowa nthawi zambiri simupakidwa penti, ndipo m'menemo ndi momwe mtundu wa thabwa, ufa wa kufumbwa ndi misomali yatsopano zimaonekera. Chikhadabo chikadinda mosavuta pa thabwa la mkati, ameneyo ndi paini, ndipo chikasiya chizindikiro pa penti, ndiye kuti pentiyo sadaume ndipo katunduyo sayenera kukwezedwa pa galimoto tsiku limenelo.